OR Tambo ikatseka, ku Cape Maclear kumachita zii

Semesita ino atipatsa asayimenti yoona mmene Covid inagwedezera zokopa alendo, koma alekichala akufuna network analysis osati kungowerenga mitu ya anthu ayi. Kuwerengako nkosavuta, Stats SA, bungwe la boma loona za ziwerengero, inalemba kale kuti alendo olowa muno mu South Africa anali 10.2 miliyoni mu 2019, mu 2020 anangokwana 2.8 miliyoni basi. Network imafunsa zina, kuti ndani amadalira ndani.

Ndiye mu Gephi, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira ma network, bwalo la ndege lililonse limakhala kadontho, njira ya ndege nkukhala mzere, kenako umadina kuti ikuwerengere betweenness, yomwe imaonetsa kuti njira zachidule zingati zimadutsa pa kadontho kamodziko. OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, imafufuma zedi pa sikirini, Addis Ababa ndi Nairobi chimodzimodzi, pomwe Chileka ndi Kamuzu International timangolendewera kumapeto uko. Ukafufuta kadontho ka Johannesburg mizere yambiri ya kumwera kuno imangoti balala.

Apa mpamene pandigwira mtima. Mukukumbukira kuti kumudzi ku Malawi lokodauni sinachitike, khothi linaimitsa mu April 2020 anthu atakwiya kuti tidya chani, koma kuno anatseka pa 27 March ndipo ndege zakunja zinadzayambanso pa 1 October, pa mabwalo atatu okha, OR Tambo, Cape Town ndi King Shaka. Mzungu wopita ku Cape Maclear kapena Liwonde nthawi zambiri amasinthira ndege konkuno, ndiye wa loji kunyanja, wa boti, mayi wogulitsa ziboliboli, onsewo analowa lokodauni ya eni ake osaidziwa. November 2021 za Omicron, mtundu wina wa Covid, zitalengezedwa kuno, UK inaika maiko a kumwera kuno pa red list, mndandanda wa maiko amene alendo ochokako sankaloledwa kulowa, Malawi tinalowamo patangopita masiku ochepa, mizere ija kudukanso.

Koma chondinyansa ndi deta. Ya ndege ili mbwee, ya mabasi kulibe. Chonsecho alendo ambiri olowa South Africa ndi a maiko oyandikana nayo ndipo amabwera pamsewu, pa Beitbridge ndi Lebombo. Aliyense wa ife amaidziwa njira ya Park Station (siteshoni ya mabasi ku Johannesburg), Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, basi itadzaza mabulangete ndi ma China bag, azimayi a geni amene amagona ku loji zotchipa za m'tauni nkuoda katundu ku China Mall, ndalama amasiya muno yambiri koma pa graph yanga sakuoneka olo mmodzi. January 2021 boma la South Africa litatseka maboda 20 apamtunda mpaka pakati pa February, graph ya ndege siikusonyeza kanthu eti.

Alekichala akuti ndingapange layer yachiwiri ya mabasi bola ndifotokoze komwe ndatenga manambala, ndiye Loweruka ndikukalemba ma timetable ku Park Station, ndi kope ndi bolopeni.