Sabata imene ndinakana kutumbula EAR 509

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: makapasita otupa, mafyuzi, ndi maampulifaya anayi a magitala omwe eni ake ankawafuna Khirisimasi isanafike. Chandisowetsa tulo chinayamba Lachitatu.

Bambo wina wachikulire anabweretsa maampulifaya awiri a mavalavu (mababu agalasi okweza mawu) otchedwa EAR 509 atawakulunga m'bulangete. Imodzi inkapsereza fyuzi ikangotentha. Nditachotsa moto wotsalira m'makapasita n'kusuzumira mkati, ndinapeza zomwe amisiri anzanga mwaganiza kale: valavu imodzi ya mtundu wa PL509 inatha ndipo inapita ndi rezisita, yomwe inasanduka khala. Thiransifoma yopita ku sipika ndinaiyeza kawiri, mtima uli m'mwamba. Inali bwinobwino. Ntchito ya theka la tsiku imeneyo, mavalavu abwino akakhalapo.

Koma kwathu kuno kulibe. Kuyambira mu Ogasiti ndakhala ndikupempha mavalavu oyezedwa, ogwirizana awiriawiri, komanso kuti makina athu oyezera mavalavu akonzedwe. M'malo mwake bwana anagula katoni ya mavalavu ozulidwa m'ma TV akale, ati chifukwa ndi otchipa. Ndinasankha yooneka bwino n'kuiika. Pasanathe mphindi ziwiri pleti yake, kachitsulo ka m'kati mwa valavu, inafiira kuti psuu, fungo la fumbi lopsa lili thoo m'chipinda monse. Ndinazimitsa msanga, apo ayi ikanapsereza thiransifoma yomwe ndinali nditangoipeza yamoyo.

Lachinayi bwana anabwera pa benchi panga. "Achimwene, musataye nthawi. Chotsani zam'katizo muikemo bolodi yamakono ya class D, yosafuna mavalavu. Mavalavuwo azingoyaka poonetsera, mdalayo sadziwa." Ndinaika chowotcherera pansi, manja akunjenjemera. Ndinawauza kuti, "Bwana, kumeneko n'kuba, ndipo manja anga sachita zimenezo." Anandiyankha kuti amalipira lendi ndi iwo, osati ine.

Lachisanu m'mawa ndi pamene ndinamva kuti a Tim de Paravicini, omwe anapanga ampulifaya imeneyi, amwalira dzulo lake, pa 17 Disembala 2020, ali ndi zaka 75. Sindinakumanepo nawo, koma ndinakhala pansi ngati ndamva maliro a mphunzitsi wanga. Ntchito ya manja awo yakhala ikudutsa pa benchi panga kwa zaka zambiri. Anabadwira ku Nigeria mu 1945, anakagwira ntchito ku kampani ya Luxman ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kenako n'kukhazikitsa kampani ya EAR ku England. PL509 ndi valavu yomwe inapangidwira ma TV a kala, yoyendetsa mizere ya chithunzi, ndipo filamenti yake imafuna mavolti 40. Ambiri ankaiona ngati chinthu cha okonza ma TV basi. Mkuluyu anatenga ziwiri zokha n'kutulutsamo mawati 100, chifukwa anadziwa kuti valavu yopirira nkhanza za mu TV singatope ndi nyimbo. Mathiransifoma ake ankawalinganiza yekha, ndipo ndi pamene pagona mawu a makina amenewa. Ankakonzanso makina a tepi a m'masitudiyo ojambulira nyimbo. Ukatsegula chinthu chomwe anapanga, umaona kuti ankaganizira mmisiri amene adzachigwire patapita zaka 30: njira ya moto imatsatika ndi maso, ndipo chomwe chimatha chimasinthika.

Ndiye ine ndizule zonsezo, sabata yomweyo ya maliro awo, n'kusiya mavalavu akuyaka ngati nyali zokongoletsera?

Masana ndinaimbira bambo aja pa foni yanga. Ndinawauza zoona zokhazokha: chawonongeka ndi chakuti, mavalavu oyenera tilibe, ndiitanitsa ndekha koma afika mu Januwale. Ndinawauzanso za malirowo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, makinawo ndakhala nawo kuyambira ndili mnyamata. Mwezi umodzi si kanthu. Koma asawagwire wina aliyense."

Loweruka ndinamaliza maampulifaya a magitala aja, onse anayi anatuluka. Bwana sakundilankhula, mauthenga akundipatsira kudzera mwa mnyamata wophunzira ntchito. Ma 509 awiriwo ali pa shelefu ya pamwamba, m'bulangete lawo, ndipo ndamatapo pepala la dzina langa. Pempho la makina oyezera mavalavu ndalilembanso, kachisanu tsopano.