Ku Nashville chibwenzi chikatha amaitana madala

A Malawi ambiri kuno ku South Bend, ku America, akati tikawongole miyendo amangoganiza za Chicago basi, koma ine ndi alamu anga tinalowera kummwera, kudutsa Indianapolis, kugwira msewu wa I-65, Louisville mpaka Nashville ku Tennessee. Ndi ulendo wa tsiku lonse ukaphatikiza zoimaima, mwayi wake wotchi imabwerera mmbuyo ndi ola limodzi nde umafika kukadali kowala. Chinatikoka ndi nyimbo za country, zomwe kwawo ndi ku Nashville, poti tonse tinakula tikumva Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton pa MBC.

Usiku woyamba tinapita ku Broadway komwe kuli ma bar ondondozana aja amati ma honky tonk. Pakhomo sulipira, band imadalira ndalama zomwe anthu akuponya mu kandowa komwe kamazungulira. Malo ambiri akuimba rock ndi pop, phokoso lokhalokha, ndipo zinandiwawa ndithu kuti munthu wayenda mtunda wonsewu nkudzamva zimenezo. Koma titalowa mu Robert's Western World mtima unakhala mmalo, bass yaikulu yoimika ija, steel guitar ikulira ngati ikudandaula, azigogo akuvina awiriawiri mu kampata kochepa pakati pa matebulo.

Mdala wina wa chipewa anaponya ndalama nkupempha Set 'Em Up Joe ya Vern Gosdin, ya mu 1988. Nkhani yake ndi ya mwamuna yemwe mkazi wamuthawa, nde usiku uliwonse amakakhala pa bar nkumaika mbale imodzimodzi ya Ernest Tubb mu jukebox, makina oponyamo ndalama kuti aimbe nyimbo, mpaka kuitopetsa. Band itaona kuti anthu zawagwira inalumikiza ndi Don't Rock the Jukebox ya Alan Jackson ya mu 1991, momwe wosiyidwayo akuchonderera kuti musandiikire Rolling Stones, mtima wanga lero ukufuna George Jones. Abale inu, mmene bar yonse inayankhira dzina la Jones, ena kukweza mabotolo mmwamba, thupi lonse linachita tsembwe.

Apa mpamene tinayambira kutsutsana. Alamu akuti, "Alamu, awa ndi malonda chabe, akungotchula maina a madala kuti chimbale chiyende." Ine ndinakana. Munthu chikondi chikamuthera sakhala ndi mawu akeake, amafuna wamkulu amene anadutsamo kale amuyankhulire, monga kwathu banja likagwedezeka umathamangira kwa ankhoswe. Ndi chifukwa chake nyimbozi zimandikhudza kuposa zongolira chabe, umamva chisoni cha munthu mmodzi koma kumbuyo kwake kwaima mzere wonse, Hank Williams yemwe anafa ali ndi zaka 29 zokha mu 1953, Tubb, Jones. Ngakhale Eric Church, wa mbadwo wa pambuyo, mu Record Year akuchita zomwezo, mkazi wapita iye nkukhala pansi ndi mulu wa mbale za Jones, Waylon Jennings ndi Willie Nelson mpaka mtima kupola.

Mmawa mwake tinalowa mu Ryman Auditorium. Inamangidwa mu 1892 ngati tchalitchi ndipo mpaka pano umakhala pa mabenchi a matabwa, Grand Ole Opry, pologalamu ya pa wailesi ya nyimbo za country, inkachitikira mmenemo kuyambira 1943 mpaka 1974. Kuseri kuli kanjira kopita ku khomo la kumbuyo la Tootsie's, bar yopakidwa utoto wa pepo komwe oimba ankazembera akamadikira nthawi yawo.

Koma malo amene ndingauze aliyense kuti osaphonya ndi RCA Studio B, malo ojambulira nyimbo, tikiti umagulira ku Country Music Hall of Fame nkukutengani pa kabasi. Chipinda chake nchosadzionetsera, pansi anamatapo ka X kosonyeza pomwe woimba ankaima kuti mawu amveke bwino, ndipo ndinaimapo ndikuganiza kuti Jim Reeves wa pa wailesi ya bambo anga ankajambulira mchipinda chomwechi asanafe pa ngozi ya ndege mu 1964. Mommuno Dolly anajambula I Will Always Love You mu 1973. Ambiri timaitenga ngati ya chibwenzi chotha, ena amaidziwira kwa Whitney Houston, chonsecho ankatsanzikana ndi Porter Wagoner, mkulu amene anamuika pa pologalamu yake ya TV mu 1967. Kusiyana ndi kuthokoza wamkulu, zonse mu nyimbo imodzi.

Pobwerera mkangano unapitirira mu galimoto. Ndinawakumbutsa alamu kuti George Jones atamwalira mu 2013, Alan Jackson yemweyo ndi amene anaimba He Stopped Loving Her Today, nyimbo ya Jones, pa mwambo wa maliro ku Opry House, nde zimenezo ndi malonda? Anavomera za Jackson ndi Gosdin, koma akuti anyamata ena atsopanowa amatchula Hank pomwe nyimbo yonse mulibe fiddle kapena steel olo pang'ono. Pamenepo pokha ndinagwirizana nawo, dzina la mdala ukalitchula nyimbo yakoyo izimvekanso kuti unamumveradi.