Mmene ndinasiyira TTL pojambula mbuna pansi pa madzi

Ndimakhala ku Zomba, kumene nyanja yapafupi ndi Chilwa, koma madzi ake ndi amatope moti munthu sangajambulemo kanthu. N'chifukwa chake ndikafuna kujambula mbuna, nsomba zazing'ono za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, ndimadzera ku Liwonde ndi ku Mangochi mpaka kukafika ku Cape Maclear, ndipo popeza ulendowo umadya ndalama, zoyesa zonse ndimachitira kunyumba ndisananyamuke.

Kamera yanga ndi yaing'ono, yoika m'kabokosi kosalowa madzi, ndipo strobe, fulashi yapadera ya kunja kwa kabokosiko, imalandira chizindikiro choti iwale kuchokera ku fulashi ya kamerayo kudzera pa chingwe cha fibre optic. Kuwala kwake n'kofunika chifukwa madzi amameza mtundu wofiira munthu akangomira mamita pafupifupi 5. Poyamba ndinkadalira TTL, njira imene kamera imayamba yaphethira pang'ono kuti iyeze kuwala, kenako n'kusankha yokha mphamvu. Pojambula nsomba imene yatsamira mwala n'kudzaza chithunzi chonse, njirayi imagwira bwino, ndipo woyamba kumene sindingamuletse. Inandivuta pa chilumba cha Thumbi, pamene mbuna yaing'ono inali pakati pa madzi opanda kanthu kumbuyo kwake: kamera inaona mdima wokhawokha, inawonjezera mphamvu, ndipo mizere ya nsombayo inayereratu.

Nditaganiza zosankha ndekha mphamvu, ndinakumana ndi vuto limene limasokoneza ambiri. Strobe ikapanda kuuzidwa kuti inyalanyaze kuphethira koyamba kuja, imawala nthawi isanakwane, chithunzi n'kutuluka chakuda ngakhale maso aona kuwala. Ndinathana nalo poika fulashi ya kamera pa manual, pamene mphamvu ndimasankha ndekha, pa 1/64 ya mphamvu zake, chifukwa pamenepo imaphethira kamodzi kokha, komanso batire limakhalitsa. Kenako ndinasintha strobe kuti igwirizane ndi kuphethira kumodziko, ndinaima pagalasi m'chipinda n'kudzijambula. Strobe ikaoneka yoyaka m'chithunzicho, ndiye kuti zagwirizana.

M'madzimo ndimaika ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) yotsikitsitsa, strobe pa theka la mphamvu zake, ndipo ndimayamba ndajambula mwala umene uli pa mtunda wa mkono umodzi. Chithunzi chikayera kwambiri ndimachepetsa mphamvu ya strobe, chikada ndimawonjezera, koma chimene ndimasamala koposa ndi mtunda, pakuti ukawirikiza kawiri kuwala kofika pa nsomba kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, madzinso n'kumezako kwina. Choncho ndimasankha mtunda umodzi, ndimakhazikika, n'kudikira kuti mbuna zibwere zokha, ndipo zimabweradi chifukwa yaimuna sipita kutali ndi mwala wake.

Nthawi ya mwera madzi amadzaza tizinyalala timene timaoneka ngati madontho oyera m'chithunzi. Apa ndimatalikitsa strobe cham'mbali n'kuiloza kunja pang'ono, kuti nsombayo iwalitsidwe ndi m'mphepete mwa kuwalako basi.