Kutenga masampulo a dothi pofufuza golide ndi cobalt

Kuno ku Zomba, komwe kuli likulu la Geological Survey Department, nthambi ya boma yofufuza miyala, si zachilendo kukumana ndi munthu atanyamula kabotolo ka dothi lonyezimira, akufuna wina amutsimikizire kuti m'munda mwake muli golide. Nthawi zambiri chonyezimiracho chimakhala mica, timapepala topyapyala tomwe timanyenyeka ukatikanda ndi chikhadabo, kapena pyrite yemwe amasweka ukamumenya ndi hamala pomwe golide amangophwatalala. Koma ngakhale m'kabotolomo mutapezekadi golide, dothi lodzaza dzanja limodzi silikuuzani kumene mungakumbe. Ntchito ya masampulo a dothi ndi yofananitsa: mumatenga dothi m'malo mazana angapo, mwa njira imodzimodzi, kenako n'kuona mbali yomwe manambala akwera kuposa anzake.

Manambalawo ndi aang'ono kwambiri. Cobalt, chitsulo chomwe chimalowa m'mabatire, timamuyeza mu ppm, kutanthauza galamu imodzi mu tani imodzi ya dothi, ndipo dothi wamba limakhala ndi ppm zapakati pa 5 ndi 30. Golide timamuyeza mu ppb, galamu imodzi mu matani 1,000. Dothi wamba kawirikawiri silipitirira ppb 5, choncho malo angapo oyandikana akaonetsa ppb 30 kapena 50, pamenepo m'poyenera kubwererapo. Palibe diso lomwe lingaone zochepa chotere.

Musanagwire khasu, dziwani mwala uli pansi panu. Mapiri a Zomba ndi Malosa ndi a miyala yotchedwa syenite ndi granite, m'gulu lomwe akatswiri amalitcha Chilwa Alkaline Province, limodzi ndi chilumba cha Chilwa komanso phiri la Songwe ku Phalombe. Miyala imeneyi imadziwika ndi zitsulo zina zotchedwa rare earths ndi niobium, osati golide kapena cobalt, ndiye kuthira ndalama posaka cobalt m'mphepete mwa phiri la Zomba n'kutaya nthawi. Golide wadziwika kuyambira kale m'chigwa cha Lisungwe ndi m'mapiri a Kirk Range, ndipo anthu akhala akumusefa ku Makanjira m'boma la Mangochi komanso cha ku Dwangwa. Cobalt sayenda yekha. Ku Katanga m'dziko la DR Congo, lomwe limatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a cobalt wa padziko lonse, amapezeka limodzi ndi kopa. Kuno kwathu chiyembekezo chili pa miyala yakuda yolemera yokhala ndi nickel, monga ya pa phiri la Chimimbe ku Mchinji, Chimwadzulu ku Ntcheu ndi Mpemba kufupi ndi Blantyre. Mapu a kauniuni, kafukufuku wa pa ndege yemwe zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015, amathandiza kuona miyala yotereyi ngakhale itakwiririka, chifukwa imakoka maginito. Laisensi nayo ikhale m'manja musanayambe, motsatira lamulo la migodi la 2023, ndipo kaonaneni ndi amfumu akuuzeni pomwe pali manda ndi eni minda yomwe mudutsemo.

Ngati dera n'lalikulu, yambani ndi matope a m'timitsinje, sampulo imodzi pa sikweya kilomita imodzi kapena ziwiri, kuti mudziwe khwawa lomwe likutsitsa golide kapena nickel. Dothi limabwera pambuyo, pa malo ochepa omwe mitsinje yaloza.

Mizere ya masampulo idule mopingasa momwe miyala yagonera. Miyala ikaloza kumpoto, mizere yanu iyende kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, apo ayi mzere wonse ukhoza kuyenda m'mbali mwa mtsempha wa quartz, mwala woyera momwe golide amakonda kukhala, osaukhudza n'komwe. Poyamba ikani mizere motalikirana mamita 200, ndipo pamzere uliwonse tengani sampulo pa mamita 50 alionse. Malo a kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi amafuna mizere 6 ya masampulo 21, onse pamodzi 126, ntchito yomwe anthu anayi amaimaliza m'masiku anayi ngati tchire silinakule. Pomwe paoneka kanthu mudzabwerere ndi mizere ya mamita 50 ndi masampulo a mamita 25. Pa GPS samalani chinthu chimodzi chomwe chasokoneza anthu ambiri: mapu akale a dziko lino amawerengera malo pa dongosolo lotchedwa Arc 1950 pomwe GPS imabwera ili pa dongosolo la WGS84, ndipo kusiyana kwake pansi ndi pafupifupi mamita 300. Sankhani imodzi, muilembe pa tsamba lililonse la buku la m'tchire.

Tsopano padzenje penipeni. Palani masamba ndi dothi lakuda la pamwamba, lomwe ladzaza mizu, phulusa la lupsa ndi feteleza. Kumbani mpaka mtundu usinthe, mufike pa katondo wofiira kapena wachikasu womata m'manja, kawirikawiri pa masentimita 30 mpaka 50. Apa ndi pomwe dongo ndi dzimbiri la chitsulo zimagwira zomwe zasungunuka kuchokera m'mwala wa pansi. M'munda wolimidwa kumbani m'khwawa la pakati pa mizere, osati pamwamba pa mzere, chifukwa dothi la pamzere limatembenuzidwa chaka ndi chaka. Tapani dothi la pansi pa dzenje ndi chipande cha pulasitiki, musefe ndi sefa ya mamilimita 2, muike theka la kilogalamu m'thumba ngati mukufuna cobalt ndi anzake, kapena kilogalamu imodzi mpaka awiri ngati mukufunanso golide. Nambala ilembedwe kunja kwa thumba, ina pa kapepala kolowa m'kati. Kwirirani dzenje musanachoke. Mbuzi ya munthu ikathyoka mwendo m'dzenje lanu, mawa simudutsanso m'mudzimo.

Chomwe chimapha ntchitoyi n'chakuti wina akatopa masana amayamba kutapa pa masentimita 10 pomwe m'mawa amafika pa 40. Pamapu pamadzaoneka ngati mzere umodzi uli ndi cobalt wambiri kuposa unzake, chonsecho kusiyana kwake ndi kwa kuya kwa dzenje basi. N'chifukwa chake pa sampulo iliyonse mulembe kuya, mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa malo, timiyala tomwe tatsalira m'sefa, ndi dzina la wotenga.

Funso lalikulu pa dzenje lililonse ndi ili: kodi dothili lidabadwira pompano, kapena lidachita kubwera? Dothi lomwe lidafumbutuka kuchokera ku mwala wa pansi pake limanena za mwalawo. Makande a kudambo, mchenga wa m'mbali mwa mtsinje, ndi dothi lokhuthala la m'chigwa cha nyanja ya Chilwa n'zobwera ndi madzi, ndipo zimanena za kumtunda komwe zidachokera, kapena zimangophimba zonse. Timiyala ta m'sefa ndi mboni yabwino: tosongoka, tofanana ndi mwala wa pamalopo, tikusonyeza dothi la pompo, nsangalabwi zoulungika bwino zikusonyeza kuti padayenda madzi. Pa phiri dothi limatsetsereka pang'onopang'ono, ndiye manambala okwera akapezeka m'munsi, gwero lake lisakeni chakumtunda, pomwe manambalawo akuthera mwadzidzidzi. Pomwe dothi lobwera lakhuthala kupitirira mita imodzi, khasu silithandizanso. Pamafunika auger, chipangizo choboola pansi, yofika mpaka pa mwala wofumbutuka. Ena amatenga dothi la pa chulu poti chiswe chimatulutsa dothi la pansi kwambiri, ndipo njirayi idagwirapo ntchito ku Zimbabwe ndi ku Botswana. Ndi yabwino, koma masampulo a pa chulu afananitsidwe ndi a pa chulu okhaokha. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno alimi amagumula chulu n'kumwaza dothi lake m'munda, zomwe zikhoza kusokoneza sampulo ya m'munda wotero.

Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka September. M'dzinja dothi lonyowa silidutsa m'sefa, ndipo pofika October katondo amauma gwaa mpaka anthu amayamba kuba pa kuya kwa dzenje. Sampulo yachinyezi iumitsidwe padzuwa m'thumba la pepala, kutali ndi fumbi la msewu.

Sampulo yoyezera golide imaipitsidwa mosavuta. Wotenga masampulo asavale mphete kapena tcheni chagolide. Sefa ikhale ya nayiloni kapena chitsulo chosachita dzimbiri, osati ya brass yomwe imasiya kopa ndi zinc, ndipo ipukutidwe ndi bulashi mukamaliza dzenje lililonse. Matumba omwe adasungapo mchenga wa osefa golide asayandikire n'komwe. Pa cobalt msampha uli ku labotale: mbale zina zoperera ndi za tungsten carbide, yomwe amaimata ndi cobalt yemweyo, ndiye sampulo ikaperedwa mmenemo imatuluka ndi cobalt wa m'mbale. Lembani pa fomu kuti asapere ndi mbale yotero.

Makina a XRF a m'manja, omwe amayeza zitsulo za m'dothi pompopompo, ndi othandiza pa nickel, kopa, arsenic, manganese ndi chitsulo, koma golide wa mu ppb sangamuone. Aliyense wokuuzani kuti waloza makinawa pa dothi n'kupeza golide, musamupatse ndalama zanu. Pa cobalt nawonso amanama, chifukwa chizindikiro cha cobalt chimagundana ndi cha chitsulo, ndipo katondo wathu ndi wodzaza chitsulo. Golide ayezedwe ku labotale ndi fire assay (kusungunula sampulo pamoto) pa magalamu 30 kapena 50, kapena ndi asidi wotchedwa aqua regia ndi makina a ICP-MS, njira yotha kuona mpaka ppb imodzi. Cobalt ayezedwe ndi makina a ICP pamodzi ndi nickel, kopa, chromium, manganese, chitsulo ndi arsenic. Pa masampulo 20 alionse lowetsanimo imodzi yobwereza kuchokera pa dzenje lomwelo, imodzi ya mchenga woyera wopanda kanthu, ndi imodzi yogula yomwe mlingo wake ukudziwika kale, zonse zili ndi manambala wamba kuti a ku labotale asazizindikire. Mchenga wopanda kanthu ukabwera ndi golide, gulu lonselo liyezedwenso.

Zotsatira zikafika, musathamangire nambala yaikulu kwambiri. Kambewu kamodzi ka golide kotalika mamilimita 0.1 kakagwera m'magalamu 30 oyezedwa kamapereka ppb zoposa 300, pomwe sampulo yobwereza ya dzenje lomwelo ikhoza kuonetsa 2. Nambala imodzi yotero, yozunguliridwa ndi ziro, ndi yofooka poyerekeza ndi ppb 25 mpaka 40 zomwe zikubwera pa mizere itatu yotsatizana, motsata momwe miyala yagonera, arsenic, yemwe amakonda kuyenda ndi golide, nayenso atakwera pamalo omwewo.

Cobalt ndiye amafuna mutu wozizira. Manganese wakuda yemwe amamatirira pa timiyala ta lubwe ndi m'mphepete mwa madambo amakoka cobalt ngati siponji, moti mukhoza kupeza ppm 200 pamalo opanda mgodi uliwonse. Ikani manambala a cobalt pambali pa a manganese: akamakwera ndi kutsika limodzi, nickel ndi kopa osasuntha, ndi manganese chabe akukunyengani. Pamwamba pa miyala yakuda ija, cobalt wopitirira ppm 100 ndi wachibadwa, amabwera limodzi ndi nickel ndi chromium wambiri, choncho malo amenewo afananitsidwe okhaokha, osati ndi dothi la pa granite. Chopatsa chidwi ndi pomwe cobalt, nickel ndi kopa akwera pamodzi chromium osakwera, chifukwa izi zimaloza ku sulphide, mwala womwe zitsulozi zimaunjikana zitamangana ndi sulufule.

Malo otero akapezeka, bwererani ndi mizere yothinana, muyende pansi kufunafuna mwala woonekera, kenako mukumbe ngalande yopingasa mpaka pa mwala n'kutenga masampulo a mita imodzi imodzi m'khoma lake. Makina oboola aitanidwe ngalande zikatsimikiza, chifukwa mtengo wa dzenje limodzi la mamita 100 ukhoza kulipira masampulo a dothi mazana angapo.