Buku lomwe silikhalitsa pa shelefu yathu ku Ulongwe

Kashopu kathu kanayamba ndi makope, zolembera ndi makina a fotokope. Shelefu yobwereketsa mabuku a nkhani zojambula tinaiwonjezera titaona kuti ana a sekondale amangoima chiimire podikira mapepala awo. Wobwereka amasiya chikole, timalemba dzina ndi tsiku m'kope, buku n'kubwezedwa pakatha masiku atatu. Popanda chikole buku limayenda m'manja mpaka ku Domwe, osabwerera.

Lomwe timauza aliyense kuti awerenge ndi V for Vendetta, pa Chipwitikizi V de Vingança, lolembedwa ndi Alan Moore ndi kujambulidwa ndi David Lloyd. Linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Warrior ku Britain mu 1982, ndipo DC Comics inalitulutsa lonse m'magawo 10 mu 1988 ndi 1989. Nkhani ikuchitikira ku England nkhondo ya nyukiliya itatha, chipani cha Norsefire chitagwira dziko pakhosi. Nthambi za boma zili ndi mayina a ziwalo za thupi: Diso limayang'ana pa makamera, Khutu limamvetsera zokambirana za anthu, Pakamwa pamaulutsa za boma pa wailesi, Chala chimagwira anthu. Amene anaona intaneti ya pafoni ikuzima muno ku Mozambique pa zionetsero za kumapeto kwa 2024 sasowa womumasulira. Koma chomwe timalikondera kwambiri n'chakuti V, mwini nkhani wolimbana ndi bomali, si mngelo. Amavala chigoba cha nkhope ya Guy Fawkes, munthu yemwe anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya ku England mu 1605. Amapha anthu, amazunzanso Evey, mtsikana yemwe anamupulumutsa yekha. Wowerenga amatsala akudzifunsa, ndiye ana aang'ono sitiwapatsa.

Mukafuna lobwereketsa, gulani lomwe magawo onse ali m'buku limodzi. Vuto lake ndi guluu wa kumsana, amasweka buku likamatambasulidwa kawirikawiri, masamba apakati n'kuyamba kuthothoka. Ife lisanatuluke n'komwe timaboola mabowo anayi m'mbali mwa msana, kusoka ndi ulusi wa nayiloni, kenako kukuta pulasitiki. Shelefu isagunde khoma, chiswe chimakwerera pomwepo, ndipo nthawi ya dzinja chinyezi chimamatanitsa masamba.

Ofuna fotokope timawakanira. Ntchitoyi ili ndi eni ake, komanso Lloyd amajambula ndi mithunzi yakuda bii: tona, inki ya ufa ya m'makina, amatha msanga ndipo nkhope zimangotuluka mdima wokhawokha.