Inde, phazi lili pasimentilo ndi langa

Popeza mlamu wanga wamwaza kale chithunzi chija cha phazi lodinda pasimenti ya pabalaza pathu pa WhatsApp, ndingovomera. Phazi mwalionalo ndi langa. Chidzenje chachikulu chili pambali pakecho ndi changanso, koma musanaseke mumve kaye.

Amene anakana zosamuka pomwe pabalaza pakukonzedwa ndine. Ndinati tikhala momwemo, ndiponso mosavutika. Mipando yonse tinaiunjika kuchipinda chogona, TV pamwamba pa kabati, firiji pafupi ndi bedi moti madzi ozizira ndinkangotenga ndili chigonere. Pakhomo la pabalaza ndinakhomapo chipulasitiki choti chitchinge fumbi. Fumbilo linalowabe mpaka mumswachi, koma ine ndinkayenda monyada ngati munthu wanzeru zosowa.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti pochoka kuchipinda kupita kuchimbudzi, njira ndi ya pabalaza pomwepo.

Tsiku lothira simenti pansi, amisiri anaweruka mochedwa, cha m'ma 8 koloko usiku. Mkulu wawo anasanja njerwa, n'kuyalapo thabwa kuchokera khomo ili kukafika khomo linalo, ndipo anati pansipo pasapondedwe kwa maola 24. Akuti anandiuza. Ine ndikukumbukira kuti ankauza akazi anga, ine ndili kalikiliki kusaka rimoti pansi pa matilesi.

Cha m'ma 10 ndinadzuka tulo tili m'maso. Babu la pabalaza anali atalichotsa. Ndinakankha chipulasitiki chija n'kuponda pamene ndakhala ndikuponda zaka zonsezi. Phazi lonse lowu, patapata ndi zonse. Mmisiri akuti simentiyo inali yokhuthala masentimita 5 okha. Iyeyo anayeza ndi tepi, ine ndinayeza ndi mwendo, ndipo ndikukuuzani kuti inali kufuna kufika m'bondo.

Ndinaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, winawo uli m'malere. Tsono apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu. Simenti siuma ngati malaya padzuwa ayi, imagwirana ndi madzi n'kumalimba, ndipo ikamatero imafunda. Ndinaimva ikufunda pakati pa zala. Kunena zoona zinkakoma. Ndinaima pamenepo mumdima, bambo wa ana atatu, ndikuganiza kuti ndikaponda kutsogolo mapazi akhala awiri, ndikabwerera m'mbuyo patapata itsala. Ndinaganizanso zongokhala pomwepo mpaka kuche, n'kudzauza anthu kuti ndimalondera ntchito. Mwendo unayamba kunjenjemera. Ndinautambasula winawo pang'onopang'ono kufufuza thabwa, ndinalipeza, koma kunsonga kwenikweni.

Thabwa linapendekeka. Ndinagwira chipulasitiki kuti chindipulumutse, icho n'kuzuka ndi misomali yomwe. Khu! Ndinakhala pansi, chipulasitiki n'kundifunda kumutu ngati mkwatibwi.

Akazi anga anabwera ndi tochi ya pafoni.

“Bambo a ana, mukutani pamenepo?”

“Ndikuona ngati asalaza bwino.”

Anayamba ajambula, kenako n'kundipatsa dzanja. Mundisungire mfundo imeneyo. Atatero ndiye anandithamangitsira kubafa, akuti simenti yaiwisi imawotcha khungu, ndipo sananame: ndinadzikhula mpaka pakati pa usiku, malo ena osatchulika akuyabwabe. Kuchimbudzi kumene ndimapita kuja ndinaiwalako.

M'mawa mmisiri anaima pakhomo osayankhula. Anatenga levulo, n'kuigoneka modutsa chidzenje chija, n'kuyang'ana kamadzi kaja nthawi yaitali ngati dokotala.

“Bwana, apapa munagwa kapena munakhala?”

Ndinamuyankha kuti thabwa lake linali lopyapyala, ndipo mpaka lero ndikadali pa mfundo yomweyo. Munthu woganiza bwino amayala matabwa awiri.

Anati adzakwirira asanaike matailosi, koma akazi anga apempha kuti phazilo alisiye kaye, alendo sanamalize kuliona. Simenti imafika pa mphamvu zake m'masiku 28, ndipo lero ndi tsiku la 9. Patapata ija ili momwemo, kukungooneka kalamba kake. Inzake yakumanzere ili pakhomo, ngati alipo woifuna.