Usiku umodzi pansi pa mtengo wa mango

Lachinayi usiku, kuno ku Senga Bay.

Manja anga akununkhabe petulo ngakhale ndasamba kawiri ndi sopo. Mvula yayambanso kugogoda padenga, koma lero ndigona tulo, chifukwa galimoto ili m'shedi.

Dzulo inagona panja. Chiigulireni ku Lilongwe mu Ogasiti, inali isanagonepo pamtetete usiku wa mvula ngakhale kamodzi. Koma madzulo alamu anga anatulukira ndi matumba a feteleza wobereketsa woti akathire mpunga wawo ku Lifuwu, ndipo aliyense amene anagwirapo urea akudziwa kuti akangonyowa amasungunuka ngati mchere. Ndiye matumba analowa m'shedi, galimoto ndinakaimika pansi pa mtengo wa mango. Cha m'ma 10 koloko kunabwera chimvula ndi mphepo ya mpoto, kenako chinasanduka mvumbi mpaka mbandakucha.

Lero linali tsiku loti amayi akatenge mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi kuchipatala pa boma. Kuchoka kuno kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo iwo amakonda kulawirira. Pomwe imakwana 6 koloko anali atakhala kale kumpando wakumbuyo, kabuku kawo ka kuchipatala kali m'jumbo.

Nditaliza galimoto inalira ndithu, koma kulira kwake kunali kwachilendo. Inkanjenjemera yonse ngati munthu wa malungo, chiwongolero chikugwedezeka m'manja, ndipo kagetsi kachikasu ka injini pa dashibodi sikanangoyaka chabe, kankaphethira. Kumbuyo ku ekisozi kunkatuluka fungo la petulo wosapsa. Ndinaponda moto pang'ono, koma m'malo mokoka inangotsokomola.

Amayi anati, "Zimitsa mwanangu, tisakagone panjira."

Ndinazimitsa. Mayi a kunyumba anawaperekeza kumsewu n'kukwera nawo Sienta ya matola, ine n'kutsala ndi nkhawa yanga pabwalo.

Galimotoyi ili ndi chinthu chimene ndinachikonda tsiku loigula: pa boneti pali mabowo awiri ataliatali, okhala ndi timipata tondondozana ngati mano a chipeso. Sanabwere nawo kuchokera kufakitale. Mwini wake woyamba ndiye anadula boneti n'kuikapo, ati kuti injini izipuma. Nditatsekula boneti m'mawa uno ndinapeza madontho akulendewerabe kunsi kwa timipatato, ndipo pamwamba pa injini panali kadziwe ka madzi. Mtima unagunda. Ndinaganiza kuti injini yamwa madzi, ndipo ndikudziwa anthu amene magalimoto awo akhala chaka chathunthu pamiyala chifukwa cha zimenezo.

Ndinaimbira amakaniko anga, bambo wachikulire wa ku Kamuzu Road amene wakhala akundikonzera magalimoto kuyambira ndili ndi kapikapu kanga koyamba. Anafika cha m'ma 9 pa njinga yamoto, chikwama cha masipanala kumsana, atavala jekete la mvula lodontha.

"Achimwene, dzulo munawoloka madzi?"

"Ayi madala, sinayende n'komwe. Inangogona panja basi."

Sanayankhe. Anayamba ndi bokosi la air cleaner, n'kutulutsa sefa yake, n'kuigwiragwira mbali zonse. Inali youma. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kundionetsa: oyilo wakuda bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka. Apo m'pamene anandiyang'ana n'kunena kuti, "Khazikani mtima pansi, injini yanu sinamwe." Anandikumbutsa chifukwa chake amayambira kumeneko. Mpweya umalola kupanikizidwa, madzi salola. Madzi akalowa m'silinda kudzera kumene injini imakokera mpweya, pisitoni ikamakwera imakhala ngati yagunda mwala, ndipo chitsulo choilumikiza ku crankshaft chimapindika kapena kuthyoka. Izi zimachitikira amene amalowa ndi liwiro m'madzi osefukira, monga amene amatseka msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota dzinja likakula. Mvula yodonthera pa boneti ilibe njira yofikira kumeneko bokosi la sefa likakhala lotseka bwino.

Kenako anatenga sipanala ya 10 n'kuyamba kumasula makoyilo. Injini yanga ndi ya petulo, ya masilinda anayi, ndipo pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake imene imalowa m'dzenje lakuya pamwamba pa injini. Dzenje loyamba linali louma. Lachiwiri chimodzimodzi. Atazula koyilo yachitatu, labala lake linatuluka likudontha, ndipo titaunika ndi tochi ya foni tinaona madzi atadzaza pafupifupi mpaka kukamwa. Dzenje lachinayi linali ndi madzi theka. Bamboyo anatsitsa boneti pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana m'mbali, ndipo ndinaona ndekha kuti bowo limodzi limathera ndendende pamwamba pa maenje awiriwo.

Pamenepo ndinatola sipanala ya mapulagi kuti ndiwathandize. Anandigwira dzanja.

"Musamasule, achimwene. Pulagiyo ndiye chitsekerero pakali pano. Mukangoichotsa, madzi onsewo atsikira m'silinda, ndiye mudzibweretsera nokha vuto limene mumaliopa lija."

Mawu amenewa ndawalemba pano kuti wina asadzachite zimene ndinatsala pang'ono kuchita. Madzi amayamba achoka, pulagi pambuyo. Kugalaja kwawo amapemerera ndi kompulesa, koma pakhomo pano tinalibe. Anatulutsa m'chikwama jakisoni wamkulu wopanda singano, wolumikizidwa ndi kapaipi kopyapyala, n'kumakoka madziwo pang'onopang'ono. M'dzenje lachitatu lokha munatuluka madzi amatope ambiri ndithu. Zotsalira anapukuta ndi kansanza kokulunga pa waya, kenako mwana wanga wamwamuna anabwera ndi pampu ya njinga, iye akupopa, bamboyo akulozetsa kapaipi m'dzenjemo mpaka mutauma.

Akugwira ntchitoyo ndinafunsa chimene chinkandizunguza: madzi ochepa chonchi, ali kunja kwa silinda, angagwetse bwanji mphamvu ya injini yonse? Yankho lake ndi magetsi. Batire limapereka mavolti 12 okha, koma koyilo imawakweza kupitirira 20,000 kuti moto udumphe kampata ka pa nsonga ya pulagi, kotalika pafupifupi milimita imodzi. Magetsi amphamvu chotero sasankha, amatsata njira yapafupi. Akapeza madzi amatope atazungulira pulagi, amadutsa m'madzimo n'kuthawira m'chitsulo cha injini, ndipo m'silinda simuthetheka kanthu. Petulo amalowa, n'kutuluka wosapsa, n'kukayakira mu catalytic converter yoyeretsa utsi ku ekisozi, imene imatentha mopitirira muyeso mpaka kuwonongeka mkati. N'chifukwa chake kagetsi kaja kankaphethira m'malo mongoyaka: kakaphethira ndiye kuti galimoto ikupempha kuti muime. Ndikanaumirira makilomita 20 aja ndi masilinda awiri, bwenzi pano ndikulira ndalama zambiri. Amayi ananena zoona osadziwa n'komwe kuti koyilo n'chiyani.

Titabwezeretsa zonse inalira bwino, koma kunjenjemera pang'ono kunatsala. Bamboyo analumikiza kamakina kawo kopimira mavuto a injini pansi pa chiwongolero, ndipo pa foni yawo panaoneka P0303, kutanthauza kuti silinda yachitatu ikuphonya. Anasinthanitsa koyilo yachitatu ndi yoyamba, n'kufufuta, n'kulizanso. Ulendo uno panabwera P0301. Vuto linatsatira koyilo. Titaiyang'anitsitsa padzuwa, limene linali litangosuzumira, tinaona kamng'alu pa labala ndi kamzere kotuwa kosonyeza pamene moto wakhala ukudumphira. Ndiye kuti inali yotopa kale, mvula inangoiulula. M'chikwama chawo munali koyilo yakale koma yamoyo, ndipo andibwereka mpaka yanga itabwera kuchokera ku Lilongwe. Pa malabala onse anayi anapakapo girizi wa silikoni pang'ono.

Apa ndiye pamene tinatsutsana. Ine mtima unali utawawa, ndipo ndinawauza kuti mawa lomwe ndikupita kwa owotcherera akatseke mabowo onse awiri ndi chitsulo. Iwo anapukusa mutu. Anati kuwotcherera pa boneti kumapinda chitsulo ndi kupsereza penti, ndipo ndidzalipira kawiri. Chimene chikufunika ndi kupatsa madzi njira yawo.

Ndakhala ndikuziganizira tsiku lonse ndipo ndaona kuti akunena zoona. Chipinda cha injini si chipinda chogona chimene chimayenera kukhala chouma. Kunsi kwake n'kotsekula. Kutsogolo, mvula imalowa pa grille n'kudutsa pa radiator nthawi iliyonse ndikamayenda kukugwa mvula, ndipo matayala amathovulira madzi a m'zithaphwi mpaka ku alternator. Opanga magalimoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake polumikizira mawaya amaikamo timalabala, bokosi la mafyuzi amalipatsa chivindikiro, ndipo injini ikamagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 90, madontho amauma asanachite kanthu. Onani ma Hilux a D-4D amene ali ndi kamwa pa boneti, kapena ma Subaru a turbo. Kamwalo limalunjika pa intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wolowa mu injini, ndipo madzi akalowa amadutsa m'timipata take n'kutsika, chifukwa amene anaika kamwalo anaganiziranso kumene mvula idzathere. Ya dizilo ndiye ilibe n'komwe mapulagi othetheka moto oti anyowe.

Yanga ndi nkhani ina. Amene anadula boneti sanaike chilichonse kunsi kwa mabowo. Chivindikiro chapulasitiki chimene chimakhala pamwamba pa makoyilo nachonso palibe, ndipo ine sindinazindikire kuti chikusowa mpaka bamboyo atandionetsa timabauti topanda ntchito pomwe chinkakhala. Ndikamayenda, mpweya wotentha umatulukira pamabowopo ndipo injini imaumitsa zolowazo, n'chifukwa chake mvula za Disembala sizinandivutitse. Koma dzulo injini inali yozizira, galimoto itaima chilili maola asanu ndi atatu, dontho ndi dontho likugwera malo amodzimodzi, m'maenje amene alibe kotulukira.

Mwini wake woyambayo sindikumuda. Amene anakhalapo kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala akudziwa mmene boneti imatenthera moti sungaikepo dzanja, ndipo maganizo oti injini ipumeko amabwera okha. Koma chimene chimaziziritsa injini ndi radiator, thermostat ndi fani. Mabowo amangotulutsako mpweya wotentha wa pansi pa boneti. Munthu akafuna kuwaika, atsekule boneti kaye aone zimene zili pansi pake, ndipo akumbukire kuti dziko lino lili ndi miyezi isanu ya mvula. Chinanso chimene chandipweteka n'chakuti m'mbali mwa pomwe anadula sanapakemo kanthu, moti dzimbiri layamba kale kudya chitsulo kunsi. Kuno chinyezi cha kunyanja sichichedwa kulikulitsa.

Masana tinapita limodzi pa boma, galimoto ikuyenda myaa ngati palibe chinachitika. Tinaima kumsika kwa okhoma zidebe. Bamboyo anali atajambula kale pa katoni kukula kwa bowo lililonse, ndipo anafotokozera mmisiriyo chimene akufuna: timathireyi tiwiri ta lata, tokulirapo pang'ono kuposa mabowo, tokhala ndi milomo yopindikira m'mwamba, topendekera mbali imodzi. Pakati pa thireyi ndi boneti pazikhala mpata wa zala ziwiri kuti mpweya wotentha uzitulukabe. Pakona yotsika pazikhala kachubu kolowetsapo paipi, imene idzatsikire m'mbali pafupi ndi tayala, kutali ndi mafyuzi, alternator ndi chitsulo chotentha cha ekisozi. Mmisiriyo anatembenuza katoniyo kangapo n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndi ngalande ya padenga, koma yaing'ono." Akuti tikatenge Loweruka. Chivindikiro cha makoyilo ndauza mphwanga wa ku Lilongwe akandifunire kwa ogulitsa zipangizo zakale, atumize limodzi ndi koyilo pa minibasi.

Tisanasiyane, bamboyo anandionetsa chinthu china chimene sindinachiganizire. Pansi pa galasi lakutsogolo, pomwe pamakhala mawaipa, pali timabowo timene galimoto iliyonse imakhala nato, tolowetsa mpweya wa mkati. Madzi olowa pamenepo amayenera kutulukira m'ngalande ziwiri za m'mbali. Zanga zinali zitatsekeka ndi masamba a mango owolerana ndi fumbi la chilimwe chonse. Nditagwira kapeti kumpando wa pasenjala ndinapeza yanyowa. Tinatokosa ndi waya, n'kuthira botolo la madzi, ndipo anatulukira kuseri kwa matayala akutsogolo, akuda bii.

Amayi ndi mayi a kunyumba tinawapeza akudikira pa depoti, mankhwala ali m'jumbo muja. Panjira amayi anakhala chete akumvetsera injini, ndipo titadutsa minda ya mpunga yodzaza madzi anafunsa kuti, "Yachira?" Ndinati yachira amayi, koma Loweruka ibwereranso kwa adokotala ake. Anaseka, n'kunena kuti nawonso awauza abwerenso mwezi wamawa.

Titafika pakhomo, ine ndi mwana wanga tinasamutsa matumba a alamu onse n'kuwasanja pa matabwa m'chipinda cha alendo. Mitambo inali itayamba kale kuda kumpoto, ndipo madontho oyamba anandipeza ndikubweza galimoto m'shedi.